Tinakwera sitima ya malasha ku North Yorkshire ndi a malume

Ambiri a ife amene tikukhala kuno ku UK dzikoli timalidziwa mbali imodzi yokha, ya mtauni. Kuntchito, kukagula zakudya, kutchalitchi Lamulungu, mwina ukwati wa Mmalawi mnzathu ku Manchester kapena ku Nottingham, basi chaka chatha. Sindikunena monyoza ayi, mashifiti ake sapereka mpata ndipo ndalama imakhala ili kale ndi kopita isanalowe nkomwe mu akaunti, fizi ya ana a achimwene, feteleza, malata a nyumba imene tikumanga kumudzi. Koma pali malo ena amene ndikufuna muwadziwe makamaka inu amene muli cha ku Leeds, York, Hull ndi Middlesbrough, chifukwa ali pakhomo panu penipeni ndipo ine chibwerereni kumeneko ndikungofuna kuuza aliyense amene ndakumana naye.

Ndi njanji yotchedwa North Yorkshire Moors Railway. Imayambira pa katauni ka Pickering nkudutsa m'zigwa ndi m'mapiri makilomita 29 kukafika ku Grosmont, ndipo kuyambira 2007 sitima zina zimapitirira mpaka ku Whitby kunyanja. Zokoka mabogi kumeneko ndi mitu ya sitima ya malasha, yeniyeni ija ya utsi ndi nthunzi, ikuyenda, ikunyamula anthu.

Chinandipititsa ndi a malume. Anabwera kuno kudzaona mdzukulu ndiye masiku ambiri ankangokhala m'nyumba ife tili kuntchito, munthu woti kumudzi dzuwa silimutulukira ali pamphasa. Iwowa anakulira kufupi ndi Golomoti, m'mbali mwa njanji ija inafika ku Salima mu 1935, ndipo ali mnyamata ankapita kusukulu ku Blantyre pa sitima ya malasha. Nkhani za sitima imeneyo tinakula tikuzimva. Nde nditapeza tsiku la ofu kumapeto kwa August ndinangowauza kuti a malume mawa muvale jekete yakuda, tikupita kwinakwake, sindinawauze kuti kuti.

Siteshoni ya Pickering anaikonza kuti izioneka mmene inkaonekera m'ma 1930, penti wobiriwira, zikwangwani zakale zachitsulo, masutikesi achikopa atawasanja pa kangolo, denga lalikulu lophimba njanji zonse limene linachotsedwa mu 1952 nkudzamangidwanso mu 2011. A malume ankangoyang'ana uku ndi uku osalankhula. Kenako kunamveka kulira kwa wenzulo chakumtunda, nthaka pansi pa mapazi inayamba kunjenjemera pang'ono, ndipo chinthu chakuda bii chinalowa pansi pa denga lija chikupuma, madzi akudontha, nthunzi ikutuluka m'mbali mwa mawilo. Utsi utatifika a malume anandigwira mkono mwamphamvu.

"Mphwanga, fungo ili ndi lomwe lija."

Ndi fungo la malasha akupsa losakanikirana ndi oilo wotentha ndi chitsulo chonyowa, sindinalimvepo kwina kulikonse. Iwo anali atatha zaka zoposa theka la moyo wawo osalimva koma mphuno inalizindikira nthawi yomweyo.

Mutu umene unatikoka tsiku limenelo unali nambala 45428, wa mtundu umene amautchula Black Five, unapangidwa mu 1937 ku Newcastle. Ya mtundu umenewu inapangidwa 842 pakati pa 1934 ndi 1951 ndipo ndi imene inkagwira ntchito zonse, kukoka anthu, katundu, nsomba, makalata. Mawilo ake akuluakulu ndi otalika mafiti 6, ine kuima pambali pake gudumu ndi ine msinkhu umodzi. Kumbuyo kwake kuli ngolo yake yonyamula matani 9 a malasha ndi madzi malita pafupifupi 18,000. Tinasendera pafupi ndi pokhala dalaivala, anthu ake ndi omasuka amakulola kusuzumira. Dalaivala anali bambo wa imvi, ovolosi yake yabuluu yothimbirira, kansanza ka oilo kali m'manja. Fayamani, woponya malasha pamoto, anali mtsikana, mwina wa zaka za m'ma 20, nkhope yonse mwaye. Anatsegula chitseko cha ng'anjo ndipo kutentha kunatimenya kumaso tili papulatifomu pomwepo, mkatimo moto wake si wofiira ayi, ndi woyera wothobwa m'maso. Anatapa malasha pa fosholo, kutembenuka ndi chiuno, dzanja kupotoza pang'ono, malasha nkuuluka kukagwera pakona yakutsogolo kwenikweni. Fosholo yachiwiri pakona ina. Yachitatu pansi pa chitseko. Sankangoponya, fosholo iliyonse inali ndi malo ake, chifukwa moto ukaboka penapake mphepo yozizira imalowera pomwepo ndipo nthunzi imatsika. A malume anagwedeza mutu nkunena kuti mwana uyu anaphunzitsidwa ndi munthu wodziwa.

Tinalowa m'bogi la m'ma 1950, mipando ya masipuling'i yonyomphoka, zitseko zolemera zimene gadi amayenda akumenyetsa chimodzichimodzi, phaa, phaa, mpaka kumapeto. Wenzulo, mbendera yobiriwira, kugwedezeka kamodzi, tanyamuka.

Sitimayi siithamanga. Pa njanji zosungidwa ngati imeneyi lamulo lake ndi makilomita 40 pa ola osapitirira, nde umaona chilichonse. Poyamba ndi minda ndi kamtsinje ka Pickering Beck kakukhotakhota pambali pa njanji, ng'ombe, mipanda ya miyala yongosanja yopanda simenti, bambo wina ndi galu wake ataima pa geti akutibayibitsa. Ichi ndinachiona njira yonse, aliyense amene sitima yamudutsa amakweza dzanja, ana, agogo, okwera njinga, ndipo a m'sitima amabweza. Anthu omwewa mu basi ya mtauni sayang'anana nkomwe.

Pa Levisham tinaima kudikira sitima inzathu yochokera kumpoto popeza njanji ndi imodzi, zimaphana pokhapo pamene pali njanji ziwiri. Apa ndi pamene ndinaona bambo wa m'kanyumba ka masiginolo akutsika masitepe, chinthu china chokhala ngati mkombero chili m'manja, nkupatsana ndi fayamani. Chimenecho ndi chiphaso cha gawo la njanji limene mukulowa, chilipo chimodzi chokha chimene chingatuluke m'makina pa nthawi imodzi, ndiye dalaivala wopanda chiphasocho saloledwa kulowa, zikatero sitima ziwiri sizingakumane mutu ndi mutu. Nzeru za zaka zoposa 100 zapitazo, zikugwirabe ntchito popanda kompyuta. Mudzi wa Levisham weniweniwo suoneka, uli pamwamba pa phiri, siteshoni ili yokha pansi m'chigwa.

Kuchoka apo mumalowa mu Newtondale ndipo msewu wa galimoto kulibenso. Ndi chigwa chakuya chimene chinakumbidwa ndi madzi osefukira nthawi imene ayezi amene anakuta dera lino ankasungunuka, zaka masauzande zapitazo. Mbali zonse ndi nkhalango, pamwamba matanthwe, penapake bwinja la kansanja ka miyala kotchedwa Skelton Tower kataima pamphepete. Pali kasiteshoni kena, Newtondale Halt, kopanda msewu wofikako, amatsikapo ndi oyenda pansi okhaokha a zikwama kumsana ndipo umayenera kumuuziratu gadi kuti aimitse. Kenako mitengo imatha mwadzidzidzi ndipo mumatulukira pamtunda poyera, thengo lopanda mtengo ndi umodzi womwe mpaka kumene maso alekezera, lonse litachita maluwa ofiirira. Ndi kachitsamba kotchedwa heather, kamachita maluwa mu August ndi kumayambiriro kwa September. Nkhosa zili mbalambanda zopanda mbusa, zina zitagona pafupi ndi njanji osatekeseka. A malume anafunsa kuti kodi eni ake saopa akuba, kenako anafunsanso kuti nanga malo onsewa bwanji salima. Ndinawauza zimene ndinamva, kuti nthaka yake ndi yowawasa komanso yonyowa chaka chonse, imangoyenera nkhosa ndi mbalame zakutchire.

Pamwamba pomwepo pali dambo lotchedwa Fen Bog, ndipo pamenepa ndi poyenera kunena za amene anamanga njanjiyi. Anaiyeza ndi George Stephenson, yemwe uja amati tate wa njanji, ndipo inatsegulidwa mu 1836 kuti tauni ya Whitby, imene inali yotsekeredwa ndi mapiri, ipeze njira yotulutsira katundu kumtunda. Atafika pa damboli anapeza matope akuya oti sungakhazikepo kanthu, nde anayala mitengo, mitolo ya zitsamba ndi zikopa za nkhosa zaubweya nkuika njanji pamwamba pake. Mpaka lero sitima ikudutsa pomwepo. Chinanso chimene chinandidabwitsa nchoti poyamba mabogi ankakokedwa ndi mahatchi, malasha anabwera patapita zaka pafupifupi 10. Ndipo pa Beck Hole panali chitunda choti hatchi singakwere, mabogi ankawakoka ndi chingwe. Mu 1864 chingwecho chinaduka, anthu awiri anafa, ndipo mu 1865 anatsegula njira ina yolambalala imene tikuyendamo lero pakati pa Goathland ndi Grosmont.

Pa Goathland panatsika anthu ambiri, ndi malo otchuka chifukwa anajambulirapo mafilimu, ife tinapitirira kutsetsereka mpaka ku Grosmont.

Tsono nkhani imene yandikhala pamtima ndi iyi. Njanji imeneyi inafa. Mu 1963 Dr Richard Beeching, amene boma linamuika kuyang'anira njanji za dziko lino, anatulutsa lipoti lonena kuti masiteshoni oposa 2,300 ndi njanji mamailosi 5,000 zitsekedwe chifukwa sizikupanga phindu. Ya Pickering mpaka Grosmont inali pa mndandanda, ndipo mu March 1965 sitima yomaliza inadutsa. Mu 1968 British Railways, kampani ya boma yoyendetsa njanji, inasiyiratu kugwiritsa ntchito mitu ya malasha, masauzande inadulidwadulidwa nkugulitsidwa ngati zitsulo zakutha. Kunena zoona boma linali ndi mfundo, anthu anali atayamba kugula magalimoto, mabogi ankayenda opanda anthu. Koma mu 1967 anthu wamba a m'derali anakumana m'nyumba ya mmodzi wa iwo nkugwirizana kuti ayi, njanji yathu sizulidwa. Analibe chuma. Anayamba kusonkha, kugulitsa timatikiti ta mwayi, Loweruka ndi Lamulungu kupita kukalambula tchire, kusintha mathabwa owola a pansi pa njanji ndi manja, kukambirana ndi akuluakulu a njanji amene poyamba sankawawerengera. Pa 1 May 1973 njanji inatsegulidwanso. Sanali oyamba, a ku Talyllyn ku Wales anachita zimenezi mu 1951, koma ya kunoyi inakula mpaka kukhala imodzi mwa zonyamula anthu ambiri pa njanji zonse zotere.

Ndipo mpaka lero ambiri amene mumawaona atavala yunifolomu, gadi, woona matikiti, wa masiginolo, mayi wogulitsa tiyi, ngakhale madalaivala ndi mafayamani ambiri, salandira kanthu. Alipo olembedwa ntchito ndithu, koma popanda ongodziperekawa sitima siingayende ngakhale tsiku limodzi.

Ku Grosmont njanji imadula msewu waukulu wa m'mudzi, amatseka mageti oyera magalimoto nkudikira. Kuchokera pa siteshoni pali kanjira ka pansi kolowa m'kamphanga kakang'ono koboola phiri, ndi momwe munkadutsa mabogi a mahatchi aja m'ma 1830, mumdima mozizira madzi akudontha, ndipo mukatulukira mbali inayo mwafika ku shedi kumene amakonzera mitu. Pokumba phiri limeneli ndi pomwe anapezanso miyala ya chitsulo imene inakuza mudziwu. Ku shediko kuli malo oti alendo aime nkumaonera. Mutu wina unali utaphwasulidwa wonse, boila payokha, mawilo paokha, mafelemu ali gwa pa zitsulo. Bambo wina wachikulire amene ankapukuta ndodo ya pisitoni anaona chidwi cha a malume nkubwera kudzacheza nafe, ine ndikumasulira pena ndi pena ngakhale a malume Chingerezi chawo cha kumishoni ndi chakuthwa kuposa changa. Anatiuza kuti boila iliyonse imaloledwa kugwira ntchito zaka 10 zokha, ikakwana imatsitsidwa, mapaipi onse amkati kuchotsedwa, kuyezedwa, kukonzedwa, ntchito yodya zaka ndi mapaundi masauzande mazanamazana. Zipangizo zake sungakagule kusitolo, chimene chathyoka umachita kusula china. Anatiuzanso kuti kuti sitima inyamuke 9 koloko wina amakhala atadzuka kukali mdima kudzakoleza moto ndi nsanza za oilo ndi nkhuni, pang'onopang'ono, chifukwa chitsulo chozizira ukachitenthetsa mothamanga chimang'aluka. Ndipo palibe amene amangofikira kuyendetsa. Umayamba ndi kupukuta, kulowa pansi kuchotsa phulusa, zaka. Kenako mayeso a ufayamani, zaka zinanso ukuponya fosholo. Udalaivala umabwera pambuyo penipeni.

A malume anamufunsa kuti nanga inu bambo mumapindulanji. Anayankha kuti bambo ake anali fayamani nthawi ya British Railways, ndipo zimene anamuphunzitsa akapanda kuzipereka kwa wina zithera mwa iye. Analoza anyamata awiri amene ankakolopa pansi pa mutu wina, akuda thupi lonse ndi girizi.

Pobwerera ndi pamene ndinamvetsa chimene anthu amapitira kumeneko. Kuchoka pa Grosmont kupita ku Goathland njanji imakwera mita imodzi pa mamita 49 aliwonse, kwa makilomita pafupifupi 5. Pa galimoto simungadziwe nkomwe kuti mukukwera, koma kwa gudumu lachitsulo pa njanji yachitsulo, likukoka mabogi odzaza anthu, ndi phiri loopsa. Tinakhala m'bogi loyamba kuseri kwa mutu, kawindo kapamwamba katatsegulidwa. Titangotuluka m'mphanga dalaivala anatsegulira nthunzi ndipo kulira kunasintha. Gudumu likazungulira kamodzi chumuni imaphulika kanayi, ndiye kumamveka ngati amayi awiri akusinja mumtondo umodzi molandizana, du du du du, du du du du, poyamba mofulumira kenako kumachedwa, kumalemera, phiri likamakula. Phokoso limagunda matanthwe nkubwerera. Utsi umakwera molunjika kupyola mitengo, timakala tating'ono tikugwa padenga la bogi ngati mchenga, tina kulowa pawindo kugwera pa malaya ndi m'tsitsi. Pansi kumanja ndi kumanzere mtsinje ukuoneka m'mipata ya mitengo, milatho ikudutsa.

Chimene chimachitika kutsogoloko nchakuti nthunzi imene yamaliza kukankha pisitoni imatulukira mu chumuni mwamphamvu, ndipo potuluka imakoka mphepo kudzera pa moto, nde mutu ukamalimbikira ndi pamenenso moto umakolera, moto ukakolera umadya malasha ambiri, ndipo zonsezo zimathera pa msana wa mtsikana uja ndi fosholo yake. Diso lina pa geji ya nthunzi, lina pa kagalasi koonetsa madzi a m'boila, chifukwa madzi akachepa denga la ng'anjo limapsa, akachuluka amalowa m'masilinda nkuwononga. Pokwera madzi amathawira kumbuyo, mukafika pamwamba amabwerera kutsogolo, iye amayenera kudziwiratu zimenezo asanafike. Ndinkaganiza za iye njira yonse. M'bogi monse munali zii, ngakhale ana anasiya mafoni.

A malume anayamba kulankhula tili pakati pa chitundacho, osayang'ana ine, akuyang'ana pawindo. Anati pochoka ku Golomoti mayi awo ankawamangira mbatata yootcha ndi nsinjiro pa kansalu, ndipo ankakhala pa benchi yathabwa usiku wonse katundu ali pamiyendo. Anati pa masiteshoni amayi ankabwera ndi malichero a nthochi ndi nzimbe kugulitsira pawindo, ndipo pokwera mapiri kulowera ku Blantyre sitima inkalira chimodzimodzi chonchi, mpaka anyamata ena ankatsika nkumathamanga pambali pake. Anatchula anzawo amene ankakwera nawo, mayina amene sindinawamvepo, ambiri anati anatisiya. Sindinawadule mawu. Titafika pa Goathland anatulutsa kansalu nkupukuta m'maso, anati ndi utsi walowa, mwina unalidi utsi.

Ine sitima ya malasha ndinaiona koyamba ndili ku pulayimale, titapita ndi sukulu ku Chichiri Museum ku Blantyre kumene mutu wina wakale unaimikidwa panja. Tinaukwera, kugwiragwira zitsulo, kujambulitsa. Koma unali wozizira, ndipo sindinadziwe kuti chinthu chimenechi chikakhala ndi moto m'mimba chimapuma, chimatuluka thukuta, chimamveka m'chifuwa mwako. Njanji yathu ndi yakalenso, ya Nsanje mpaka Blantyre inatsegulidwa mu 1908, mlatho wa Dona Ana pa Zambezi mu 1935, ndipo inamangidwa ndi manja a agogo athu. Sindikunena kuti tiyambitse sitima ya malasha ya alendo kwathu mawa, anthu a ku Balaka ndi ku Nayuchi chimene akufuna choyamba ndi sitima yodalirika yopita nayo kumsika ndi kuchipatala. Koma madalaivala, mafayamani ndi amakaniko amene anagwira ntchito ku Limbe nthawi ya malasha ena akadali moyo, ali m'makonde ku Bangwe ndi kumidzi, ndipo zimene akudziwa palibe akuwafunsa. Foni yojambula mawu tonse tili nayo m'thumba. Ine ndayamba ndi a malume, madzulo aliwonse asanabwerere ndimawatchera foni iwo nkumafotokoza.

Nawonso a ku Yorkshire zinthu sizili bwino kwenikweni. Malasha akusowa m'dziko limene linalemera ndi malasha. Mgodi wakuya womaliza, Kellingley, wa mu North Yorkshire momwemo, unatsekedwa mu December 2015, ndipo wa Ffos-y-fran ku Wales umene njanji zambiri zotere zinkadalira unatsekedwa mu 2023, nde pano akuchita kuitanitsa kunja pa mtengo wokwera. Chilimwe chikauma kwambiri amaopa kuti timakala ta mu chumuni tiyatsa thengo lija, zikatero amaika mutu wa dizilo, ndipo ayamba kusintha mitu ina kuti iziyaka ndi mafuta m'malo mwa malasha. Ena amadandaula za utsi ndi kusintha kwa nyengo, ndipo ife ochokera kumene Cyclone Freddy anakokolola midzi mu 2023 nkhani imeneyo sitingaipeputse. Koma ndikayerekeza timitu towerengeka timeneti ndi magalimoto amene amadzaza msewu waukulu wa M62 m'mawa uliwonse, ine mtima wanga uli ndi anthu a ku shedi aja, ndikufuna anyamata awiri aja adzafike pogwira fosholo.

Ngati mukufuna kupita, basi ya Coastliner nambala 840 imachoka ku Leeds kudzera ku York ndi Malton nkukutsitsani mu Pickering momwemo, siteshoni ndi kuyenda pang'ono chabe. Sitima zimayenda kuyambira chakumapeto kwa March mpaka kumayambiriro kwa November, kenako zapadera nthawi ya Khirisimasi. Tikiti si yotchipa, onani mtengo ndi nthawi pa webusaiti yawo musananyamuke, muonenso ngati tsikulo kuli mutu wa malasha kapena wa dizilo makamaka kukakhala ng'amba. Tengani kamba wanu ndi juzi ngakhale kunja kukuwala, pamtunda paja mphepo yake ndi ina. Zoyera musavale. Pochoka ku Grosmont limbirani bogi loyandikana ndi mutu, ndipo ngati kunyumba kuli munthu wamkulu amene anabwera kudzacheza, mutengeni.